Mabowo Awiri Osamanga

— Halo?

— Halo, bambo. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu. Ndani kodi? Nambalayi sindikuidziwa.

— Ndine wa kuntchito, bambo. Wojambula mapulani uja.

— Aa, mtsikana wa pakompyuta! Osanena bwanji? Uli bwanji mwanawe?

— Ndili bwino pang'ono. Mayi ali bwanji?

— Alipo, akuchapa kuseri uku. Kwanu nonse muli bwino?

— Tili bwino ndithu.

— Nanga makina anga akuwayendetsa ndani?

— Palibe. Awafunditsa lona.

— Lona! Masiku anayi okha chindiimitsireni ntchito, andiikira kale maliro.

— Bambo, ine ndimati... ndimati ndingokumvani.

— Wachita bwino. Mwa anthu onse a pashopu paja, woyamba kundiimbira ndiwe. Ena aja tadya nawo limodzi zaka naintini, koma zii. Iwe wabwera dzulodzuloli ndiye wandikumbuka.

— Musatero, bambo.

— Ukuti chiyani? Ukudukaduka. Dikira ndiime pawindo. Eya, lankhula.

— Ndimati, bwana akuti mubwere liti?

— Mawa m'mawa, ndikamve ngati ntchito ikadalipo. Ndikanena chiyani ine? Mapuleti achitsulo sikisite, onse mabowo atasendera mamilimita sikisi. Akuti ndinatchera makina molakwika. Mwina n'zoona. Papepala zinali bwino, nanga olakwa angakhalenso ndani?

— Simunalakwitse inu.

— Usandipepese, mwanawe.

— Sindikukupepesani. Mayunitsi anga ndi ochepa, ndiye mundilole ndinene ndimalize. Mukudziwa mmene timajambulira pakompyuta?

— Ine ndimangolandira fulashi n'kubaya pamakina. Zinazo n'zanu.

— Ukajambula mzere kapena bowo, zimayamba zili za buluu. Buluu ndiye kuti chinthucho sichinamangidwe, chikhoza kuyenda. Ukachipatsa miyeso yonse, kukula kwake, mtunda wake kuchokera m'mphepete, chimasanduka chakuda. Zonse zikada, ngakhale uzikoke ndi mausi sizisuntha.

— Ngati kumanga chitsulo pavayisi usanayambe kuboola.

— Ndendende.

— Ndiye?

— Mabowo awiri aja ndinawamanga okhaokha, ili ndi linzake. Koma muyeso wochokera m'mphepete mwa puleti sindinaike. Anatsala a buluu. Ndinawaona, bambo. Ndinati ndimaliza ndikabwerako ku lanchi.

— Hmm.

— Pepala lanu ndinapulinta akadali pamalo pake. Poti ndiziika fayilo mufulashi, mausi inakoka bowo limodzi, linzake n'kutsatira. Pamenepo sindinaone.

— Dikira kaye. Ayi, sizikugwirizana. Bwana anatsegula fayilo ija pakompyuta yako, ine ndikuona ndi maso angawa. Anayeza, zinali bwinobwino. Buluu ukunenayo panalibe. Zonse zinali zakuda bii.

— Bambo...

— Halo? Yaduka?

— Ndilipo.

— Ndiye yankha.

— Ndinakonza ndine. Nthawi imene munkakangana ndi bwana panja, ndinathamangira kukatsegula. Nditaona buluu uja, ndinadziwa kuti wolakwa ndine. Ndinabweza mabowo, n'kuika muyeso, n'kuseva.

— Ndiyeno n'kutuluka.

— Eee.

— N'kudzaima pambali panga.

— Eee, bambo.

— Unandibweretsera madzi akumwa iwe. M'kapu ya pulasitiki ija. Ndinati mwanayu analeredwa bwino.

— Ndinaopa. Ndikadali pa miyezi yoyesedwa, ndinaganiza kuti inu sangakuchiteni kanthu poti ndinu akalekale. Ndimati angokukalipirani, zithe. Manyazi akundipha, bambo. Chakudya sichikulowa. Ndikadutsa pa lona paja ndimayang'ana kumbali.

— Kuiwala muyeso si nkhani. Ine ndathyolapo mabiti oboolera osawerengeka. Koma kukonzako...

— Ndikudziwa.

— Sukudziwa. Ukudziwa zimene ndakhala ndikuchita kuno masiku anayi? Ndatenga tepi ndi veniya yoyezera zitsulo, kuyeza chitseko, kuyeza tebulo, kulemba papepala, kuyezanso, kuona ngati maso akundinamiza. Dzulo ndayeza mpaka supuni.

— Pepani, bambo. Pepani kwambiri.

— Nanga bwana akakhulupirira bwanji, poti umboni unaufufuta?

— Fulashi ija ndili nayo. Ndinaizula pamakina tsiku lomwelo, ili m'chikwama muno. Fayilo yolakwikayo ikadali momwemo. Ndinafuna kuitaya, manja anakana.

— Manja ako ali ndi nzeru kuposa mwini wake.

— Mawa mukandipeza pakhomo pa ofesi. Ndikanena ndekha, inu musakalankhule kanthu.

— Akakuchotsa ntchito?

— Andichotse.

— Za mawa tikaziona mawa. Mayunitsi atsala angati?

— Mwina mphindi ziwiri.

— Zikwana. Pali munthu wina woti umuuze, bwana asanamve.

— Ndani?

— Mayi akowa. Chibwerereni ine, akungoti, "Bambo, vomerezani, mwakula, maso atha." Sakunena mwachipongwe ayi, akunena mondimvera chisoni, ndiye zowawa kwambiri. Ana awauza kale. Ndikanena ine, aziti ndikudzikometsera.

— Bambo, chonde, ndiwauza bwanji ine?

— Mmene wandiuzira inemu. Za buluuzo usiye, sazimva. Unene za madzi zija. Mayi! Tabwerani kuno, pukutani m'manja, pali foni yanu!

— Bambo, dikirani kaye, ndi...

— Halo? Ndani mwanangu?

— Mwaswera bwanji, mayi?

— Ndaswera. Ndinu a kuntchito kwa bambowa? Kodi awakhululukira?

— Ayi mayi, palibe choti awakhululukire. Maso awo ali bwinobwino. Khalani pansi, ndikuuzeni zimene ndinawachita.