Dzina la Tawakali ku Holo ya ku Bertrams

— Halo? Achemwali a Hajara?

— Asumani! Wadzuka bwanji, mlongo wanga?

— Ndadzuka, kaya inu ku Randburg?

— Tilipo. Kuntchito bwanji? Chifuwa chija?

— Chinatha. Ana a madamu anu ali bwino?

— Ali bwino. Koma kukumveka phokoso kumeneko. Uli kuti?

— Ku Bertrams, panja pa holo. Eyataimu ndi yochepa, mvetserani. Kuli bilu yolanga opha anzawo chifukwa cha mtundu. Achinyamata akujambula maumboni kuti atumize ku komiti ya Palamenti.

— Ndiye iwe zikukukhudza chiyani? Ife alendo sitivota kuno.

— Maganizo amalandira kwa aliyense. Komiti ikamva, aphungu amavota, kenako nyumba ya zigawo, pomaliza pulezidenti amasaina. Ku koleji ndinatolako zimenezo ndisanasiye.

— Zonsezo zaka zingati? Achimwene a Tawakali tinawaika kale m'manda, mayi osawaona n'komwe nkhope.

— N'chifukwa chake ndabwera, ndipo ndalembetsa kale dzina langa lenileni kuti ndipereke umboni. Koma achemwali... m'katimo muli mwana wa amastandi, eni nyumba yanga ku Kya Sand.

— Mayo ine! Wakuona?

— Wandikwezera dzanja. Akuti, “Heita, Thabo!” Onse kuja amadziwa kuti ndine Thabo wa ku Limpopo.

— Choka pamenepo! Kwera takisi pompano. Ukangoti ndiwe Mmalawi, pofika madzulo msewu wonse wadziwa.

— Ndikudziwa. Koma ndikadali pano.

— Ndinachapa kale zovala zamagazi za Tawakali, sindibwerezanso. Ukundimva? Halo?

— Ndikumva. Koma achimwene anafa akutchedwa Sibusiso. Munyuzi analemba Sibusiso. Amene anawaphawo ndi okhawo anadziwa kwawo kwenikweni.

— Usandilize pantchito, madamu ali pakhonde.

— Ndikabwerera, m'buku la Palamenti simudzakhala Tawakali. Adzangoti “alendo ena.”

— Nanga ukagona kuti lero?

— Sindikudziwa.

— Iwe mwana... Kachipinda kanga n'kakang'ono, koma pansi pali malo. Ku Kya Sand usapondeko, ngakhale kukatenga bulangeti.

— Ndiye mukuti ndilowe?

— Sindinatero! Ndikuti ukalowa, utchule bwinobwino. Ta-wa-ka-li. Asakalembe zokhota.

— Dikirani, atsegula chitseko. Akuitana... akuti Asumani. Mokweza, achemwali, pa maikolofoni. Mwana wa amastandi akucheuka kufuna mwini dzina.

— Bisimila. Usadule foni, uyiike m'thumba ndizimva nawo.

— Eyataimu ikutha, mwina simu...

— Asumani? Halo? Asumani!