Mphuno ya Bambo Eriginosi

Malemu Bambo Eriginosi anabadwira konkuno ku Parosi pa tsiku loyamba lokolola mphesa, chaka chimene Aperezi anatentha mzinda wa Atene. Anali oyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Ine amene ndaimirira pano ndine chitsiriza.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anayamba kuphunzira kuwerenga, kuimba zeze ndi masewera ogwetsana. Zezeyo anawakana, ndipo anansi athu anapuma. Koma pabwalo la masewera panalibe mnyamata wowagwetsa. Chaka chimene anameta ndevu koyamba analowa mpikisano wa nkhonya ku Delosi, ndipo anabwerako ndi nkhata ya wopambana, mphuno yopindikira kumanzere ndi khutu limodzi lokwinyika.

Chaka chotsatira anayamba ntchito kwa Bambo Deyinoni, mmisiri wosema ziboliboli. Ntchito yawo inali kuima chilili, atadzola mafuta, mmisiri akuyeza mapewa ndi chifuwa. Mukudziwa nonse kuti amisiri athu sasema munthu monga alili. Amatenga msana wa uyu, miyendo ya uyo, nkhope ya winanso, kuti patuluke thupi lopanda chilema loyenera milungu. Kwa achimwene anga ankatenga kuyambira m'khosi kutsika. Mutu ankakabwereka kwina. Ziboliboli za mapewa awo zili m'makachisi ambiri, koma palibe ngakhale chimodzi cha nkhope yawo. Ankaseka nazo, amvekere, "Mulungu uyo wavala thupi langa, koma nkhope anaiopa." Ife apabanja tinkadziwa kuti mumtima zinkawapweteka.

Ali ndi zaka makumi atatu anamanga banja ndi Mayi Melita. Mphamvu zitayamba kuchepa anakhala kapitawo kumgodi wa miyala yoyera. Mwana wawo woyamba, Filoni, anaphunzira kusema.

Chaka cha mliri, matenda anawasiya Mayi Melita osaona. Kuyambira pamenepo malemu akafika pakhomo ankawerama, mayi n'kuwagwira kumaso. Zala zikapeza mphuno ija ankati, "Mwabwera, a mphuno yokhota." Zakhala choncho zaka zonsezi.

Chisanu chathachi malemu anayamba kudwala chifuwa, chifukwa cha fumbi la kumgodi. Asing'anga anayesetsa, koma sizinathandize. Ataona kuti akufooka, akuluakulu a banja tinauza Filoni kuti ayambe kusema chiliza monga mwa mwambo: mnyamata wosalala, wa mphuno yowongoka, wopanda chipsera. Tinkati tiwapatse nkhope yokongola imene amisiri anawamana moyo wawo wonse. Malemu atamva anaitanitsa mwana wawo. Anati, "Iwe Filoni, amako saona. Ukandiwongola mphuno, akabwera kumanda adzapeza mlendo. Adzalira ndani?" Ena mwa ife tinadandaula kuti anthu adzatiseka. Filoni anamvera bambo ake.

Malemu anatisiya dzana m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi.

Asiya Mayi Melita, ana atatu, Filoni, Anteya ndi Lukoni, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anzawo akumgodi amene anapereka mwala ndi kuunyamula, amayi amene anasambitsa ndi kudzoza thupi, ndi inu nonse amene mwakhala nafe masiku awiriwa.

Chiliza chimene mukaone kumanda sichofanana ndi zinzake, ndipo sitikupepesa. Thupi ndi lomwe mumaliona m'makachisi, koma ulendo uno lili ndi mutu wake. Dzulo Filoni anawagwira dzanja amayi ake n'kuwaimika patsogolo pa mwalawo, osawauza kanthu. Mayiwo anayendetsa zala pamphumi, pakhutu, mpaka pamphuno. Zala zitaima pamenepo anati, "Mwabwera."

Achimwene, nthaka ya kwathu ikupepukireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.