Mawu a Keziya m'tabuleti nambala 14

Ine, Manase Mwalughali, wa zaka 44, ndimakhala m'mudzi wina pafupi ndi Mlare, m'boma la Karonga. Ndimapalasa njinga ya kabaza. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Ndikupereka umboni pa nkhani ya a Gregory Chadza, mphunzitsi wa Sitandade 4 pasukulu ya pulayimale ya kwathu, amene ali m'chitokosi powaganizira kuti anaba tabuleti.

Mkazi wanga Keziya anamwalira mu Febuluwale chaka chino atadwala masiku ochepa. Anandisiyira mwana mmodzi, Wezzie, amene ali m'kalasi la a Chadza.

Chaka chatha bungwe lina linabweretsa matabuleti pasukulupo. Ana amaphunzirirapo kuwerenga, masamu ndi kulemba ndakatulo. Keziya anali m'gulu la amayi othandiza pasukulu. Lachinayi lililonse ankapita kukagawira ana matabuleti ndi kukawatchaja pa sola. Masiku ena ankabwerako mochedwa. Ankati anatsalira ndi aphunzitsi kulongedza.

A Chadza anabwera pa maliro a Keziya. Anakhala mpaka manda atakwiriridwa. Pambuyo pake anayamba kumugulira Wezzie makope. Wezzie akalemba ndakatulo ankakawawerengera iwo. Ine sanandiwerengerepo.

Mu Meyi Wezzie anandiuza kuti, "Adada, amama ali mu nambala 14." Nditafunsa, anati mayi ake anajambula mawu awo m'tabuleti imeneyo. Mawa lake ndinapita kusukulu ana ataweruka. A Chadza anatsegula kabati, anatenga tabuletiyo osayang'ana n'komwe nambala, n'kundiveka mahedifoni.

Mawu anali a Keziya. Ankalankhula Chichewa. Kunyumba timalankhula Chitumbuka, Chichewa ankachilankhula kusukulu ndi kuchipatala kokha. A Chadza kwawo ndi ku Dedza. Mawu amene ndinamva ndi awa:

"Iwe wobwera dzuwa litapendeka,
fumbi la msewu lili pamsana pako,
ndimakudziwa usanafike pakhomo."

Atafika pamenepo anaima. Panamveka mawu a mwamuna akuti, "Pitirizani mayi, zikukoma." Anali a Chadza. Keziya anaseka nthawi yaitali. Ndinavula mahedifoni n'kuwaika patebulo. A Chadza anati, "Simunamalizetu, bambo. Kumapeto n'kumene kuli nkhani." Anayamba kunena mzere wotsatira pamtima. Ndinawauza kuti ndili ndi kasitomala wodikira pasiteji, ndipo ndinatuluka. Kasitomala panalibe.

Pa zaka zonse za ukwati wathu Keziya sananditchulepo kuti "iwe". Ankati "awiske Wezzie", kutanthauza bambo a Wezzie. Sindinkadziwanso kuti amalakatula ndakatulo. A Chadza nawo amayenda pa njinga, ndipo msewu wopita kwawo umadutsa kuseri kwa nyumba yathu.

Kuyambira tsiku limenelo sindinalowenso m'kalasimo. A Chadza akandipatsa moni pamsewu ndinkayankha, osaima.

Lachinayi la sabata yatha, cha m'ma 3 koloko masana, ndinapita kukatenga Wezzie. Pageti ndinakumana ndi a Chadza akukankha njinga yawo. Anatsegula chikwama n'kundionetsa tabuleti. Kumbuyo kwake kunali nambala 14 yolembedwa ndi penti yoyera. Anandiuza kuti a bungwe akubwera Lolemba kudzafufuta zonse za m'matabuleti kuti aikemo maphunziro atsopano. Mawu awo ndikuwakumbukira. Anati, "Ahedi apita ku msonkhano, foni yawo sikupezeka. Mawa ndipita nayo ku boma kwa mnzanga wokonza mafoni akasamutsire mawuwa pa memori khadi, kenako ndidzaibweza. Si anga mawuwa, bambo, ndi anu ndi Wezzie. Mukawaona ahedi muwauze." Ine ndinati, "Zili kwa inu." Panalibe munthu wina pafupi. Wezzie anali pamjigo akumwa madzi.

A bungwe sanadikire Lolemba. Anabwera Lachisanu m'mawa. Nditafika ndi Wezzie ndinapeza galimoto yawo ili pabwalo, matabuleti atayalidwa pakhonde. Ahedi, mayi Anne Gondwe, anali kufunsa aliyense. Atandifunsa ine ngati ndinaonapo kanthu, ndinati ndinaona tabuleti m'chikwama cha a Chadza. Anafunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinati inde, nambala 14. Sanandifunse china. Inenso sindinaonjezere.

Masana ndinamva pasiteji kuti apolisi awagwira a Chadza pamsika ku boma, atapereka tabuletiyo m'manja mwa wokonza mafoni, ndipo akuti ankagulitsa. Anzanga a kabaza ankati, "Manase, wagwiritsa mbava yovala tayi!" Wina anafuna kundigulira chakumwa. Ndinakana.

Loweruka Wezzie sanadye. Lamulungu anakana kupita kutchalitchi. Titakhala pakhonde anandifunsa kuti, "Adada, mawu a amama aja munawamvera mpaka pothera?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye mukudziwa kuti amama ankauza ndani?"

Anandifotokozera m'mene phunzirolo limayendera. Tabuleti imaonetsa zithunzi, monga khasu, bwato, mbuzi ndi njinga. Umasankha chimodzi, kenako imakuuza kuti ulankhule nacho ngati mnzako, uzichitchula kuti "iwe". Ukalankhula imajambula mawu, ndiye umalemba mzere ndi mzere. Anati iye anasankha mbuzi. Tsiku limenelo aphunzitsi anauza amayi onse anayi a gulu lija kuti ayesere, atatu anakana ndi manyazi. Mayi ake anadina njinga. Anati kalasi lonse linalipo, ndipo ana onse a Sitandade 4 ndakatuloyo amaidziwa pamtima chifukwa aphunzitsi amaphunzitsira imeneyo. Kenako anaimirira, manja kumbuyo monga amachitira kusukulu, n'kunena mbali yotsala:

"Tcheni chako chimalira kuyambira pamlatho,
ine n'kuteleka madzi osamba.
Mwini wako asadzakuthire oyilo,
ndingaleke kukumva."

Ndikukumbukira kuti chaka chatha ndinagula oyilo wa tcheni kawiri, ndipo kawiri konse botolo linasowa m'nyumba. Nditamuuza Wezzie zimenezi analowa kukhitchini, n'kutulutsa mabotolo awiri kuseri kwa mtsuko. Onse anali osatsegula.

Njinga ya a Chadza ndi yatsopano, siilira. Yanga ili panja pano. Apolisi amene akulemba umboniwu anaimva ndisanalowe pageti.

Lero Lolemba m'mawa ndinapita kwa mayi Gondwe n'kuwauza zimene a Chadza anandituma Lachinayi kuti ndiwauze. Iwo anati ndibwere kuno kupolisi. Ndikutsimikiza kuti a Chadza anandionetsa tabuletiyo okha, masana, anandiuza kumene akupita nayo ndi chifukwa chake, ndipo anati adzaibweza. Za kugulitsa sanatchule.

Ndauzidwa kuti tabuletiyo ili kuno ngati umboni, ndipo mlandu ukatha ibwezedwa ku bungwe. Ndikupempha kuti isafufutidwe ndisanaitanidwe. Mizere inayi yomalizayo ndaimva pakamwa pa mwana. Pakamwa pa Keziya sindinaimve.

Zimene ndikudziwa pa nkhaniyi zathera pamenepa. Andiwerengera, ndipo ndi momwemo.

Wosaina: Manase Mwalughali ______________________