Moto Sufuna Chiphaso

Loweruka Loyera ku Yerusalemu, apolisi anatseka ndi mpanda njira ya ku Manda a Yesu, komwe anthu amakapala moto woyera chaka ndi chaka. Pampanda, mayi wonyamula nyali anapanikizana ndi bambo wandevu.

"Atibweza, amayi. Mwangovutika."

"Atibweze. Moto woyera sufuna chiphaso, utipeza konkuno. Ndipita nawo kwathu ku Betelehemu, tikapempherere mtendere wa mzinda uno."

"Mtendere wake uti? Ansembe athu omwe amaswana ndi matsache m'tchalitchimo."

"Taonani, uwo ukubwera, akuyatsirana makandulo! Tengani nyaliyi, ndinu wamtali."

"Wagwira kanduloyo ndi wa mpingo wa Armenia. Ife a mpingo wa Chigiriki sitipala moto kwa amenewo."

"Ndiye mudikira wanuwanu?"

"Bweretsani msanga, angatipitirire."

"Yayaka, bambo! Koma ndevu zanu zikupsatu."

"Zimeranso izi, amayi. Inu tchingani mphepoyo."