Mkazi Mnzanga wa pa Chithunzi

Kale, zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, ine ndidakali mlendo muno m'Birmingham, tikuimba foni kumudzi ndi makhadi okala aja ogula ku Sparkhill, osati zanuzi zoonana nkhope, ndinkakwera thiramu, kasitima ka mumzinda kaja, kupita ku West Bromwich kukagwira shifiti pa wodi ya okalamba. Ikani mafoniwo pansi, ana inu. Mundiyankhe m'Chingerezi chanucho ngati mufuna, bola makutu akhale a Chichewa.

Pa wodipo panali agogo ena a ku France, a Lusiye, amene anakwatira kuno nkhondo ya Hitila itatha, koma mkazi wawo anali atatsogola kale. Agogowa anali atasiya kulankhula, maso ali pawindo, kuyang'ana kamvula ka kuno kaja kosagwa kosaleka, ndipo adokotala anali atanena kuti masiku awo atsala ochepa. Mwana wawo, a Pita, bambo wa tayi ndi imvi zake, ankabwera madzulo alionse kufuna chinthu chimodzi chokha, kumvanso mawu a bambo ake asanapite, koma nkhalamba inali duu.

Pambali pa bedi panali chithunzi chakale cha mkazi wokongola, chiuno ngati mavu, tsitsi lofika m'mapewa, ndipo a Pita akangolowa ankachivundikira. Ine mumtima ndinati ehe, chibwenzi cha agogo ichi, mwana akuchita nsanje m'malo mwa mayi ake. Safunsa anadya phula, ana inu.

Tsono kwathu ku Dedza mdzukulu wamkazi ndi mkazi wa agogo ake aamuna, nthabwala chabe, zimene inu a kuno mungaziitanire apolisi. Tsiku lina chakumadzulo ndikuwapukuta kumaso ndinati, m'Chingerezi changa chothyokacho, "Amuna anga, mkazi mnzangayu bwanji munandibisira? Abwera liti kudzandithandiza kuchapa?"

Nkhalamba inayamba kugwedezeka mapewa, ine n'kuyesa chifuwa, koma kunali kuseka. Inaloza pamtima ndi chala n'kunong'ona, "Ameneyo ndine, mwanawe. Dzina lake Jozeti."

Ndipo mawu anayamba kutuluka pang'onopang'ono ngati munthu wolankhula ali m'tulo. Anati anagwidwa kunkhondo ali mnyamata n'kutsekeredwa mumpanda wa waya ku Germany, amuna okhaokha, chaka ndi chaka osamva ngakhale kutsokomola kwa mkazi, mpaka anayamba kupanga zisudzo kuti misala isawagwire. Diresi analisoka ndi nsalu ya matiresi, tsitsi linali chingwe chomasula, milomo ankaifiiritsa ndi pepala lonyowetsa, ndipo Jozeti akatuluka pansi pa nyali za zitini, chisanu chikugwa kunja, amuna andevu ankalira poyera. Wina ankaona mkazi wake, wina mayi ake, wina mlongo wake, ndipo wina, njala ili choncho, anamusiyira buledi wake pakhomo osanena dzina. Anati madzulo amenewo wayayo sankaoneka, aliyense anali kwawo.

Ine sindinadabwe kwambiri ayi. Kwathu Maliya wa gule wamkulu amavina ndi mabere ake ndi chitenje chake, amayi n'kumalulutira, ndipo palibe wofunsa zam'kati. Ndilekere pomwepo, ndine wa mpingo ine.

"Nkhondo itatha aliyense anachita manyazi," anatero agogowo. "Ngakhale mwana wanga sanafune kumuona. Jozeti anatsala kuwaya kuja."

Zinandiwawa, ana inu, zinandiwawa kwambiri. M'chikwama ndinali ndi duku langa lachikasu lotchingira mphepo, ndipo ndinawamanga kumutu mwachimvano, mfundo kumbuyo. Khosi lija linawongoka, manja okwinyika aja anayamba kuyandama m'mwamba, ndipo anaimba nyimbo ya Chifalansa ndi kamawu kakang'ono, koonda, kochokera kutali. Wodi yonse inatchera khutu, ngakhale gogo wina amene ankakalipa tsiku lonse anatsinzina n'kumagwedeza mutu, ndipo kwa ine zinali ngati makoma asendera kutali.

Nditacheuka ndinaona a Pita ali chilili pakhomo, ambulera ikudontha. Ndinati basi, andiripota kwa manijala, ntchito yathera pano. Koma iwo sanandione n'komwe, maso anali pa bambo awo.

Nyimbo inaima. Agogo anayang'ana mwana wawo, n'kuloza mpando wa pambali pa bedi ndi dzanja lachizimayi lija.

"Wachedwa, Pita," anatero, "koma mpando wakutsogolo ndakusungira."

Bambo wamkulu uja anakhala pansi, tayi yake ili pomwepo, ndipo anaomba m'manja misozi ili chuchuchu, nyimbo n'kuyambiranso pachiyambi. Sabata isanathe agogowo anapita, dzanja lili m'manja mwa mwana wawo.

Masiku ano mumati nkhalamba yasokonezeka mutu, n'kuitana nesi msangamsanga, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina ine kapena mayi anu tidzayamba kuimba zimene simunazimvepo, tidzakhala munthu amene simukumudziwa. Musadzachite manyazi, adzukulu anga. Mudzakoke mpando, mudzamvere mpaka nyimbo ithe.