Liwu loti “leave” linanditsekera geti

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndakulonjerani nonse amene mumawerenga pano, a kuno ku Thyolo ndi akutali omwe. Ine ndine Felesita wa kwa Khwethemule, mayi wa ana atatu, mphunzitsi wa Chizungu. Ndikufuna ndichitire umboni za ulova umene unandigwira pakhosi, ndi mmene Mulungu ananditulutsiramo podzera njira yoti mpaka lero ndikaikumbukira ndimangopukusa mutu.

Ndinaphunzitsa zaka zambiri pa sukulu ina yapulayiveti ku Goliati. Tsiku lina eni ake anatiitana nkutiuza kuti za sukulu atopa nazo, makalasi awasandutsa nyumba za lendi. Nkhani inathera pomwepo. Bambo a ana anga anali atamwalira kale, ndiye wondithandiza panalibe. Ndinayenda m'masukulu ndi mapepala anga mpaka nsapato zinatha, yankho lili lomwelo: malo kulibe. Mapeto ake ndinakalembetsa ntchito yotchola tiyi pa esiteti, dengu kumsana. Sindikuinyoza ntchitoyi ayi, mayi anga anatilera nayo. Koma manja ozolowera choko ndi aulesi pa tiyi. Anzanga akamafika kumapeto kwa mzere, ine ndinkakhala ndili pakati, msana ukuyaka moto, akapitawo akukuwa kuti, “Aphunzitsi, masamba awiri ndi kansonga, osati nthambi yonse!”

Pemphero langa linali limodzi basi: Ambuye, ndibwezereni kalasi. Sindinganame kuti ndinkapemphera mofatsa. Ndinkalongolola.

Mkulu wa mpingo wathu, a Namakhwa, ndi khukhi m'nyumba za mabwana pa esiteti yomweyo. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi anandiuza kuti kwabwera Mtchaina wina, a Chen, kudzaika makina atsopano ku fakitale. Anabwera ndi akazi awo, amene amangokhala m'nyumba chifukwa Chizungu sachidziwa, ndipo ofesi ya manijala ikufuna munthu woti aziwaphunzitsa. Ndinapita, anandilemba. Ndinapempha kalasi, Mulungu anandipatsa mwana wasukulu mmodzi, wa imvi, wamakani kuposa ana onse amene ndinawaphunzitsapo.

Mayi Chen kwawo ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, kumene botolo lililonse lili ndi dzina lake ndi malo ake. Chizungu nachonso ankafuna chikhale choncho. Poyamba zinkayenda. Tinkakhala pakhonde, ine nkumaloza kapu, mpando, nkhuku, iwo nkumatchula. Mavuto anayamba ndi liwu loti “leave”.

Tsiku lina poweruka ndinati, “I am leaving now.” Anafunsa tanthauzo, ndinayenda kulowera kuchitseko kuti aone kuti ndi kuchoka. Anamva bwinobwino. M'mawa mwake ndinawauza kuti, “Leave the book on the table,” kutanthauza kuti asiye buku patebulo. Mayi aja anadzuka, nkunyamula bukulo, nkutuluka nalo panja. Ndinawaitana nkufotokoza kuti liwu lomwelo limatanthauzanso kusiya chinthu pamalo. Anandiyang'ana ngati ndawabera.

Sabata yomweyo mlonda wa pageti sanaoneke, ndipo a Namakhwa anati ali “on leave”. Mayi Chen anadandaula kuti bambo wabwino uja wachotsedwa ntchito. Ndinati ayi, apa ndi livu, kupuma, abweranso. Tisanamalize zimenezo analoza munda wa tiyi kutsidya nkufunsa kuti amene akutcholawo akutchola chiyani. Ndinadziwa kuti ndaponda pamoto, koma ndikanatani? Ndinati masambawo ndi “leaves”. Anamenya tebulo mpaka kapu inadumpha.

“One word, one meaning!” anatero, kutanthauza kuti liwu limodzi likhale ndi tanthauzo limodzi. “You change every day!”

Akuti ine ndikusintha tsiku lililonse, ngati Chizungucho ndinachipanga ndine! Ndiye tangoganizani tsiku limene ndinawauza kuti munthu akachoka dzulo timati “left”, ndipo “left” yemweyo ndi kumanzere, ndipo ndi yemweyonso tikamanena zotsala m'mbale. Anatseka kope nkukalowa kukhitchini, osatulukanso. Ine ndinabwerera kunyumba mutu ukuwawa, ndikuyankhula ndekha mumsewu ngati wozungulira mutu.

Chimene chinatithandiza ndi Chichewa. Tsiku lina nditatopa ndinangoti, “Mayi inu, kwathu kuno kuchoka ndi kwina, kusiya ndi kwina, masamba ndi ena.” Ndinachita kuwaonetsa ndi manja. Nkhope yawo inawala. Anati kwawonso zili choncho, chilichonse chili ndi liwu lake. Kuyambira pamenepo ndikanena chiganizo cha Chizungu, iwo ankayankha kuti “kuchoka” kapena “kusiya”. Ndinawaphunzitsa kuti ukafuna kunena kusiya, uzitchula chinthu chimene chikusiyidwacho: “leave it”, “leave the bag”. Ukangoti “leave” payekha kwa munthu, wamuthamangitsa. Ndinabwereza zimenezi mpaka pakamwa kuuma. Ndinkaona ngati zalowa.

Loweruka lina, tsiku limene sindinkapita, akazi a manijala, mayi Gondwe, anabwera kudzawalonjera mayi Chen atanyamula dengu la mapeyala ndi nanazi. Anawapeza akukanda ufa, manja onse ali mbuu. Mayi Chen anafuna kunena kuti siyani dengulo patebulo la pakhonde, lowani. Koma Chizungu chinawathawa. Analoza kukhomo ndi dzanja la ufa lija nkukuwa mwansangala kuti, “Leave! You leave!” Mayi Gondwe anatembenuka ndi dengu lawo nkubwerera kwawo.

Lolemba nditafika pageti, mlonda sananditsegulire. Anayang'ana pansi nkunena kuti, “Pepani aphunzitsi, a manijala alamula kuti musalowenso. Akuti afuna wina wa ku Blantyre, wodziwa ntchito.” Nkhani yonse ndinaimva kwa iyeyo, nditaima panja ngati wogulitsa masamba. Palibe anandiitana kuti amve mbali yanga.

Abale, ndinakwiya. Mwa mawu onse a m'Chizungu, limene linandichotsa ntchito ndi lomwe ndinalivutikira kuposa onse. Ndinapita kwa akapitawo kuti ndibwerere ku dengu, koma chinali chilimwe, tiyi atachepa, ndipo anali akuchepetsa anthu. Kumudzi nkhani inali itamera miyendo. Ena ankati ndinaphunzitsa Mtchaina kutukwana. Ena ankati ndinachita dala chifukwa cha nsanje ndi akazi a mabwana. Pa chitsime ndikafika, nkhani inkaduka. Mwana wanga woyamba anasiya kupita ku sekondale nkuyamba ganyu wosenza nthochi pamsika. Ndinkamuona akubwera madzulo khosi litauma, mtima wanga nkumaphwanyika.

Ku tchalitchi ndinkapitabe, koma kuimba kunkandikanika. M'mawa wina ndili kudimba ndinaponya khasu pansi nkunena mokweza kuti, “Ambuye, ngati izi ndi nthabwala, ine sindikuseka. Munandichotsa m'kalasi, ndinapirira. Munandipatsa dengu, ndinasenza. Tsopano mwandipatsa manyazi pa mlandu wa pakamwa pa munthu wina. Mukufuna ndichite chiyani?” Ndinatola khasu langa nkupitiriza kulima, misozi ikugwera m'nthaka.

Pamene ine ndinkalongolola, Mulungu anali akugwira ntchito kwina. Mayi Chen atafunsa za ine, a ku ofesi anangowauza kuti, “She left.” Iwo anamva kuti ndachoka ndekha chifukwa chotopa nawo, ndipo anakhumudwa. Mphunzitsi wa ku Blantyre uja sanabwere nkomwe. A Namakhwa ndi amene anavutika mumtima, mpaka tsiku lina anawakhazika pansi nkuwalongosolera zonse, pena ndi manja, pena ndi foni yomasulira mawu.

Masana ena kukuwaza chiperoni ndinamva njinga yamoto ikulira pabwalo. Nditatuluka ndinaona wakabaza, ndipo kumbuyo kwake kuli mayi Chen, matope mpaka m'mawondo, atagwira jekete la mnyamatayo ngati akumira. Anali atafunsa njira khomo ndi khomo, akungotchula kuti “Felesita, teacher”. Ana a m'mudzi monse anali pambuyo pawo. Ndinawayalira mphasa, anakana kukhala. Anandigwira dzanja nkunena kuti, “My mouth wrong. Not you. Come.” Pakamwa pawo ndi pamene panalakwa, osati ine. Tiyeni.

Ndinakwera kabaza wina ndili ndi chitenje cha kudimba chomwecho. Mlonda atationa awiri anatsegula geti osafunsa. Tinalunjika kunyumba kwa manijala, ndipo mayi Gondwe anatilandira pakhonde nkhope ili gwa. Ndinkafuna kuyankhula, koma mayi Chen anandiletsa. Anatenga kapu imene inali pamenepo, nkuiika patebulo.

“I leave the cup. Kusiya,” anatero. Kenako anayenda mpaka pamasitepe. “I leave the house. Kuchoka.” Anabwerera nkuima pamaso pa mayi Gondwe, dzanja lili pamtima. “That day I want kusiya. My mouth say kuchoka. Pepani, amayi.”

Mayi Gondwe anaphulika kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kupukuta misozi. Atapuma anandiyang'ana nkunena kuti, “Amayi, takulakwirani. Ine ndinapsa mtima, bambo akunyumba nkuchita zinthu mwaphuma.” Anafunsa kuti nzeru yophunzitsa Mtchaina Chizungu podzera m'Chichewa ndinaitenga kuti. Ndinayankha zoona, kuti ndinaitenga m'kutopa. Anafunsanso kumene ndinkaphunzitsa kale ndi chimene ndinasiyira, ndipo ndinafotokoza zonse.

Sindinkadziwa kuti mayi Gondwe ndi wapampando wa komiti ya sukulu ya pa esiteti, ndipo kuti sukuluyo inkasowa mphunzitsi wa Chizungu. Anandiuza kuti ndibweretse mapepala anga, komiti ikawaone. Ndinabwerera kwa mayi Chen mawa lake lomwe, ndipo teremu yotsatira ndinaima kutsogolo kwa kalasi, choko m'manja, ana ali thothotho mpaka pawindo. Nditalemba deti pa bolodi ndinalephera kutembenuka msanga, chifukwa sindinkafuna ana aone aphunzitsi awo akulira. Mwana wanga anabwerera ku sekondale.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope ndi kulongolola kwanga. Ndikuthokoza a Namakhwa amene sanakhale chete, ndi mayi Gondwe amene sanachite manyazi kupepesa munthu wovala chitenje cha matope. Inu amene mwaima panja pa geti lero pa mlandu umene simunapalamule, musasiye kupemphera, ngakhale pempherolo lituluke ndi mkwiyo. Atate wathu amamva ndi mawu okalipa omwe, ndipo wokuthandizani akhoza kukhala munthu amene amakutopetsani kuposa onse.

A Chen anamaliza ntchito yawo ndipo banjali linabwerera kwawo, koma mayi aja sanandimasule. Amandiimbira pa foni Loweruka lililonse, kope lili pambali. Sabata yathayi anandiuza kuti apeza liwu lina laling'ono, losavuta, akufuna tilimalize tsiku limodzi. Liwulo ndi “get”, la matanthauzo ochuluka kuposa “leave”. Abale, amene mumadziwa Chizungu mwamva kale kukula kwa mtanda umenewu. Mundipempherere.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.