Injini Yabwino Sazimitsa

Lero Lachitatu ndimasankha mbatata ya kachewere pakhonde, uku ndikumvera radiyo yanuyi, inu oulutsa mawu. Mayi wina woyendetsa ndege amafotokoza kuti belu la moto likalira, sapupuluma. Amayamba afunsana ndi mnzake kuti injini yoyaka ndi iti, chifukwa akatseka mafuta a injini yabwino, onse agwa.

Masana kunabwera amalume. Akuti pakhomo pavuta chifukwa atate amagulitsa mbatata n'kumwera kachasu ndalamazo, choncho ndisiye kuphunzira, ndikwatiwe.

Ine sindiyankha akuluakulu, koma lero ndinati, "Amalume, moto uli pa kachasu wa atate. Mukuzimitsiranji ine?"

"Iwe mwana, wayamba mwano?"

Ndinalira, koma sindinapepese. Mawa ndikwera njinga kupita kusukulu ku Ulongwe, ndikakhala kutsogolo kwenikweni, pamaso pa apulofesora, aphunzitsi athu.